Matayala Osalankhula

Mayi Chulu anati, "Galimotoyi ikulira ngati chigayo,
Yotamu, kaione."
Ndinadziwa kuti si injini.
Injini ya Benzi iyi imapuma ngati khanda lokhuta.
Ndi matayala, onse anayi,
amene bwana anagula asanagonekedwe m'chipatala,
olimba, a mano akuluakulu,
oyenera matope a ku famu ya ku Chisamba,
osati phula la ku Kabulonga.

Ndinalawirira ku msewu wa Lumumba fumbi lisanadzuke,
kwa Sakala wa chala chodukayo,
amene amadziwa tayala poligogoda
monga wogula chivwende pamsika wa Soweto.

"Ukufuna liwiro kapena tulo?" anandifunsa.
Ndinati tulo.

Anakankhira kumbali aja opyapyala ngati lamba.
"Awa ndi a anyamata oonetsa malimu ku Manda Hill.
Ukagunda dzenje, umalimva m'mano."
Anagubuduza lina, la khoma lalitali,
nandiuza ndikanikize chala changa chachikulu.
Mphira unandilola pang'ono, kenako n'kubwerera.
"Ona mizere yake, siyofanana kukula.
Ikafanana imayimba nyimbo imodzi,
ndiye kulira ukumvako.
Pisa dzanja m'kati." Ndinapisa.
Munali siponji, womatidwa kuzungulira,
womeza phokoso lisanakwere kwa anthu.

Tinawerenga manambala anayi a m'mbali,
sabata ndi chaka chimene linabadwa,
poti mphira umakalamba ngakhale uli pashelefu.
"Koma dziwa, ofewa sakhalitsa.
Ndipo usalipope ngati mpira, udzaononga zonse."
Atatchula mtengo ndinaseka ndekha:
tayala limodzi, lendi yanga ya ku Kanyama
miyezi inayi, madzi osawerengera.
"Chete ndi wodula," anatero Sakala,
akupukuta girisi pa ovolosi.

Lamlungu tinalowa msewu wa Leopards Hill
monga mwa masiku onse, maluwa ali pampando.
Galimoto inkayenda ngati mafuta m'mbale.
Ndinamva wotchi yanga.
Ndinamva pulasitiki ya maluwa ikukhwinyata.
Ndinamva chibangili chikugunda chinzake.
Kenako, kumbuyo kwanga,
mpweya wa munthu ukuduka pakati,
kuduka, kulumikizika, kudukanso.

Miyezi isanu ndi itatu ndawayendetsa njira iyi
ndikuganiza kuti amawerenga za pafoni.
Kani matayala akale aja ankawafunditsa chitenje.
Ine ndi Sakala tawavula.

Maso ndinawamangirira pa mzere woyera.
Dzanja linapita lokha ku wailesi.
"Isiye," anatero.
Ndinaisiya.

Pobwerera, pa maloboti a ku Woodlands,
mimba yanga inabangula,
poti tiyi wa m'mawa ndinamwa wopanda kanthu.
Kale ikanabisala m'phokoso.
Ndinaona maso awo m'kagalasi, ofiira,
koma akufuna kuseka.
"Yotamu, wadya?"
Zaka zisanu ndi chimodzi pa chiwongolero ichi,
funso limeneli linali lisanadutsepo mpando.
Anandifunsanso kumene ndimakhala,
ngati madzi analowanso m'nyumba chaka chino,
dzina la mwana wanga wamkazi.
Ndinayankha mwachidule, ngati wosazolowera nsapato.

Pageti anatsika pang'onopang'ono,
nagwira tayala lakutsogolo, likadali lofunda.
"Wasankha bwino," anatero. "Kapena wasankha moipa.
Ndidzakuuza."

Madzulo ndinakwera minibasi ya ku Kanyama,
matayala ake osalala ngati dazi,
limodzi lotupa m'mbali, lina la galimoto ina.
Chitseko chikugwedera, kondakitala akukuwa,
mayi wina akukangana za chenji,
dzenje lililonse likundipatsa moni mumsana.
Ndinatsamira zenera losweka.
Muno palibe angamve mimba yanga,
palibe angamve zimene ndikuganiza za mkazi wanga
amene anapita ku Petauke mwezi wa Epulo
ndipo foni yake imangoitana.

Ndinafika pa siteji yathu ndili m'tulo,
kondakitala anachita kundigwedeza phewa.